Chitute ndi Njere Zitatu za Msuku

Padangokhala. Amene muli nane nenani kuti tili tonse. Amene muli ndi kanthu m'kamwa ingogwedezani mutu, ndamva.

Kale, kumudzi wa nyama, panalibe amene ankati akupita kumanda. Ankati, "Ndikupita kwa amalume," kapena, "Ndikawaone agogo." Chifukwa wina akamwalira ankamukulunga m'mphasa, n'kumugoneka, n'kukwirira. Akatha apo mwana wake ankagwada n'kudzala kumutu kwa mtumbira njere ya chipatso chimene malemuyo ankachikonda. Wokonda matowo ankasanduka mtowo. Wokonda mapoza, mpoza. Pakapita zaka mphasa ija inkatha, mtumbira n'kuphwa, koma mtengo uli chilili, ndipo mwana sankasowa pomwe pagona kholo lake.

Lamulo linali lalifupi: osakwera, osagwedeza, osagenda. Chogwa chokha ndicho wakupatsa mwini wake. Ndiye ana ankadziwa agogo opatsa ndi agogo oumira ngakhale sanawaonepo nkhope. Unkamva kamwana kakubwera chimanjamanja, kakuti, "Agogo a kwa Nungu chaka chino atimana," make n'kuyankha kuti, "Ali moyo anali choncho aja."

Nyimbo ya maliro inali imodzi. Woyambitsa ankachonderera dothi kuti lisamulemere wogonayo, ovomera n'kumuyankha kuti mvula ili m'njira, wogonayo adzatulukira m'masamba. Mawu ake anali ochepa, oyenda pang'onopang'ono ngati wosenza madzi, koma chakumapeto inkakwera mpaka woyimba kuyasama kukamwa konse.

Mkulu wa adzukulu, aja okumba ndi kukwirira, anali a Nguluwe. Tsiku lina a Nguluwe anapita kukaba chinangwa kumunda wa anthu, agalu n'kuwapirikitsa, iwo n'kukabisala kumanda a anthuwo. Kumeneko anaona ziliza za njerwa zopaka njereza, zili ndandanda, popanda tsamba ndi limodzi pamwamba pake. Anabwera kumudzi chinangwa ataiwala.

"Ife tikugona ngati mbatata," anatero pabwalo. "Anzathu akugona m'nyumba. Mtengo umagwa, mtengo umapsa. Njerwa munaionapo itapsa kawiri?"

Onse ankadziwa chimene chinkawapweteka mkuluyu. Bambo awo anali mpoza, ndipo mpozawo unapsa ndi moto wolusa mpaka chitsa chomwe kusowa. Kuyambira pamenepo a Nguluwe akafuna kuyankhula ndi bambo awo ankangoima poyerekeza.

Mfumu ya mudziwo anali a Mvuu, koma iwo ankangokhala m'madzi, ndipo nkhani iliyonse ankaiyankha ndi makutu. Atawauza za ziliza anagwedeza khutu limodzi. A Nguluwe anati kuvomera ndi kumeneko. Basi lamulo linasintha: njere isalowenso kumanda, poti mizu imang'amba njerwa, ndipo chiliza chizimangidwa tsiku lachitatu chiikireni maliro. Njira yolowera kumandako inali imodzi, ndiye anaikapo mlonda, Likongwe, wamaso ofiira ndi zala zolowa paliponse.

Koma njerwa imafuna moto, moto umafuna nkhuni, ndipo nkhuni zonenepa zinali kumanda komweko. Anayamba ndi mitengo ya amene analibe abale otsala. Paja nkhwangwa imayambira pomwe palibe wolira. Itatha imeneyo anafika pa mitengo ya amene abale awo ndi ang'onoang'ono, olira osamveka.

Mmodzi wa ang'onoang'onowo anali Chitute, mayi wa ana asanu ndi anayi. Mwamuna wake anapita tsidya lina kukafuna mtedza, ndipo mpaka pamenepa anali akuufunabe. Chitute ankakhala ndi mayi ake okalamba. Agogo ake anali msuku, umene aliyense pamudzipo anakula akuutolera.

Tsiku limene anaugwetsa msukuwo, mayi ake a Chitute anapita okha, osauza munthu. Anabwera ndi suku limodzi lakupsa ndi dothi lodzaza dzanja, atalimanga pa nsonga ya nsalu. Sanalire. Anayala mphasa n'kugona, osadzukanso kukatunga madzi.

M'mawa wa tsiku lachitatu anamuitana mwana wawo.

"Tseka chitseko. Ukuliona sukuli? Awa ndi agogo ako. Atsala omwewa."

"Idyani, mayi, mupeze mphamvu."

"Ndidya. Njerezo ndi zako."

Anayamwa suku lija pang'onopang'ono, n'kulavulira njere zitatu m'dzanja la Chitute.

"Ine moyo wanga wonse ndasenza madzi, ndasenza nkhuni, ndasenza iwe. Sindikufuna kukasenzanso njerwa. Undidzale."

"A Nguluwe analetsa, mayi."

"Sindinafunse za a Nguluwe. Tchera khutu. Njere ya suku sisungika ngati ya mtedza. Ikangouma yafa. Ndiyeno msuku ndi wamanyazi, sumera pa dothi lachilendo. N'chifukwa chake ndatapa dothi ilo pa chitsa cha agogo ako. Njere iliyonse ipite ndi dothi lake."

"Nanga ndikalephera?"

"Ukalephera udzabwere udzandiuze wekha. Udzandipeza pomwepo, ndilibe kopita."

Dzuwa lisanafike pamutu anali atapita.

Chitute anaumba timibulu titatu ta dothi, kalikonse ndi njere yake m'kati, n'kutiika pansi pa mtsuko wa madzi pomwe sipauma.

Tsiku loika maliro mutu wake sunkagwira bwino, ndiye anachita chimene wa kwa Chitute aliyense akadachita: anaika kambulu kamodzi m'tsaya. Anayenda kumbuyo kwa onse, akulira ndi mphuno, kukamwa ali tseke. Nyimbo ija inali itayamba, dothi likupemphedwa kuti lipepuke, mvula ikulonjezedwa.

Pofika pa njira yolowera, Likongwe anakweza dzanja.

"Pepani, anamfedwa. Koma nyimboyi inu sindikukumvani."

"Mmm," anatero Chitute.

"Mayi anu omwe, inu n'kumangoti mmm? Tayambitsani ndinu, enawa avomere."

Chitute anayesa kuiyimba ndi mbali imodzi ya kukamwa. Poyambira zinatheka. Koma itafika paja imakwera, nsagwada zinatseguka zokha, kambulu kaja n'kugwa pansi, n'kugubuduka mpaka pa phazi la a Nguluwe.

A Nguluwe anakatola, n'kukaphwanya, n'kuika njere pa dzino. Kukutu.

"Masaya a kwanu timawadziwa, iwe Chitute. Ndiyo nkhokwe yanu imeneyo. Lowa ukaike mayi ako."

Anaika maliro. Mtumbira unatsala uli mbee.

M'mawa mwake linali tsiku losesa, pomwe amayi amapita ndi masache kukasesa mozungulira mtumbira. Chitute anamasula luzi la tsache lake, n'kulowetsa kambulu kachiwiri pakati pa mitengo ya tsachelo pogwirira, n'kumanganso.

Likongwe anawaimitsa onse pamzere.

"Nyimbo, amayi. Aliyense ndimuone lilime."

Anayimba. Chitute ndiye anayasama kuposa onse, mpaka Likongwe anamuona kummero.

"Lero ndiye muli ndi mawu, mayi."

"Dzulo munandiphunzitsa, achimwene."

Likongwe anamupisa m'masaya, anakutumula nsalu, anamuyang'ana m'makutu. Tsache analigwedeza kumapeto kosesera, osati kogwirira. Chitute analowa.

Fumbi la masache makumi awiri litakwera, iye anagwada kumutu kwa mtumbira ngati walefuka ndi chisoni. Anaboola ndi chala, kambulu n'kulowa, n'kusesapo bwinobwino. Potuluka mtima wake unali utapepuka, ndipo ali m'njira anayamba kuganiza za ndiwo za ana.

Anaiwala mphuno ya a Nguluwe. Mphuno ija imamva chinangwa chili pansi pa mzere, ndiye ikalephere fungo la suku? Amayi asanafike n'kumudzi komwe anamva akuwaitana kuti abwerere. Anawapeza a Nguluwe ataima pa mtumbira, dothi lili kumphuno, njere ili m'dzanja.

"Wadzala ndani?"

A Nguluwe analoza ndi mphuno.

"Iwe Chitute."

"Ine ndimasesa, bambo. Tinalipo makumi awiri. Mwina yagwa kwa mbalame."

"Mbalame youmba timibulu."

"Ziliko zaluso."

Wina anaseka, n'kusandutsa chifuwa. A Nguluwe anaika njere ija pa dzino. Kukutu.

"Chabwino. Ndi maso sindinakuone. Koma mvetserani nonse, mukauzenso amuna anu. Kuyambira lero, amene dzanja lake liike njere pamanda asamuke pamudzi pano, iye ndi ana ake. Kaya wamng'ono kaya wamkulu, kaya mlendo kaya mwini mudzi. Ndanena ndine, ndipo a Mvuu agwedeza khutu."

Chitute anafika kunyumba n'kusuntha mtsuko. Kambulu kamodzi. Mawa njerwa. Anawerenga ana ake ndi maso, n'kuona kuti asanu ndi anayi sungathawe nawo, poti msana ndi umodzi. Anakhala pa khonde nthawi yaitali, akungoyang'ana mtsuko wa mayi ake ndi kankhata kansanza komwe kanali pambali pake, kaja nkhalambayo inkaika pamutu posenza madzi. Kenako anadzuka, n'kusamba kumaso, n'kupita ku uvuni.

Anawapeza a Nguluwe akusankha njerwa za mawa.

"Odi, bambo."

"Wabwera kudzatani? Ngati ndi zopepesa, mawu anga sabwerera."

"Sindinabwere kudzapepesa. Ndabwera kudzagonja. Njere zinali ziwiri, zonse mwadya ndinu. Ndiye ndati poti mayi anga agona pansi pa njerwa basi, agone pansi pa njerwa zoti wodutsa aime."

A Nguluwe anamuyang'ana cham'mbali.

"Zonse ndimamanga bwino ine."

"N'zoona. Koma zonse n'zofanana ngati mazira a nkhanga. Dzana mkazi wa a Nungu analira theka la tsiku pa chiliza cha eni ake. Ku manda a anthu kuja munapita, n'zofanana choncho?"

"Kumene kuja amalemba."

"Nanga ife olemba tilibe. Ndiye ndimati mwina mtsuko wa mayi ungakhale pamwamba, njerwa n'kuuzungulira mpaka m'khosi, kukamwa kokha kukuonekera. Aliyense aziti apa pagona wotunga madzi uja. Koma mwina n'zovuta kumanga. Musavutike, ndangonena."

"Zovuta kwa ndani?"

"Mtsuko ndi wozungulira, bambo, njerwa ndi zamakona. Mwina anthu okha ndiwo angathe."

"Ubwere nawo mawa. Koma ndidzauyang'ana ndekha, m'kati ndi kunja."

"Mudzauyang'ane. Mudzauboolenso pansi monga mwa mwambo, kuti mbava isadzautenge."

"Mwambo usandiphunzitse ndiwe."

Mwambowo unalipodi kuyambira kale: chiwiya cha malemu chikaikidwa pamanda, mkulu wa adzukulu amachiboola pansi, chikhale cha wakufa yekha.

Mwambo wina ndi wakuti anamfedwa amawaphikira adzukulu asanayambe ntchito. M'mawa wa tsiku lachitatu Chitute anaphika chinangwa chodzaza mphika, chofumbutuka bwino, n'kusinjira tsabola wa kambuzi wodzaza manja awiri, n'kuthiramo yense. Anatenga kankhata kaja, n'kukamasula, n'kuika kambulu kotsiriza cham'kati mwa mkombero wake pamodzi ndi dothi lonse lotsala, n'kukulunganso, n'kunyowetsa. Kankhata pamutu, mtsuko pamwamba pake, mphika wa chinangwa m'manja.

Adzukulu anadyera kunja kwa manda. A Nguluwe ndi chinangwa sasiyana. Analuma kamodzi, maso n'kufiira.

"Tsabola ameneyu wachuluka, iwe."

"Pepani, bambo, dzanja la wolira silidziwa muyeso. Musiyeni, achinyamatawa amalize. Tsabola ndi wa a mitima yolimba."

A Nguluwe anakokera mphika wonse kwa iwo. Pomaliza misozi inali chuchuchu, mamina ali mbwee, akuyetsemula mpaka mbalame kuthawa. Ukadawaika suku lowola pamphuno sakadalimva.

Pa njira yolowera Likongwe anali tcheru.

"Tulani mtsuko, mayi. Nyimbo."

Chitute anatula mtsuko n'kuyamba kuyimba. Tsiku loyamba anaiyimba ndi theka la kukamwa, lachiwiri anaiyimba kuti apusitse mlonda. Tsikuli, mwina poti inali nthawi yomaliza, nyimboyo inamugwira yekha. Pochonderera dothi kuti lipepuke anakumbukira khosi la mayi ake, momwe linkalowera m'mapewa akasenza mtsuko womwewu kuchokera kudambo, ndi momwe ankamuuzira kuti asawayankhulitse ali ndi madzi pamutu. Mawu anamuthera pakati. Amayi anzake anaitola pomwe anaisiya, n'kumulonjeza mvula ndi masamba, ngakhale onse ankadziwa kuti masambawo analetsedwa.

Likongwe anadikira kuti amalize, kenako anagwira ntchito yake. Masaya, nsalu, makutu, pakati pa zala. A Nguluwe anatembenuza mtsuko, anaugogoda, anapisamo dzanja, ananunkhiza ndi mphuno yawo yakufa ija. Munalibe kanthu. Kankhata kanali pamutu pa Chitute, poyera, aliyense akukaona. Koma adzukulu onse anali amuna, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anasenzapo madzi chibadwire. Kwa iwo nkhata pamutu pa mkazi ndi chimodzimodzi tsitsi.

Atafika pa mtumbira, a Nguluwe anagwira mtsuko n'kuuboola pansi ndi dzino.

Chitute anasuzumira.

"Kabowo aka, bambo? Aka mbava imangomata ndi phula n'kukatungira madzi mawa lomwe."

A Nguluwe analowetsanso dzino n'kupotokola. Bowo linakula, loti dzira n'kudutsa.

"Amate tione."

Anauika kumutu kwa mtumbira kuti ayambe kuzunguliza njerwa. Mtsuko unapendama n'kugubuduka. Anauimikanso. Unagubudukira mbali ina. Anauchirikiza ndi njerwa ziwiri, unatsetsereka n'kutsala pang'ono kusweka. Adzukulu anayamba kuyang'ana kumbali, mapewa akugwedezeka.

"Iwe Chitute, chinthu chimenechi kwanu chimaima bwanji?"

"Chimaima chokha, bambo. Mwina sichinakuzolowereni."

"Usandiseweretse. Chimakhala pa chiyani?"

Mkazi wa a Nungu, amene sankadziwa kanthu koma sankatha kusunga mawu, anayankha ali kumbuyo: "Pa nkhata, a Nguluwe. Si iyo ili pamutu pakeyo."

Chitute anagwira pamutu ndi manja onse awiri.

"Iyi yokha ayi. Ndi ya mayi iyi, ikadali ndi thukuta lawo. Mwatenga mtengo, mwatenga njere, mtsuko ndapereka ndekha. Ndisiyireni kansanza aka."

"Bweretsa."

"Ndithamange kumudzi ndikatenge ina."

"Kuti ukabwere ndi njere ina m'tsaya? Ndakudziwa tsopano. Likongwe, tenga."

Likongwe anaitsomphola n'kupereka. A Nguluwe, ndi manja awo, anaiyala pa dothi la mtumbira, n'kukhazika mtsuko pamwamba, bowo lija lili pakati penipeni. Mtsuko unaima nji.

"Mwaona," anatero, akupukuta mamina. "Chilichonse chimafuna nzeru."

"Chimafunadi, bambo," anatero Chitute, nkhope ili m'nsalu.

Anamanga tsiku lonse, ndipo kunena zoona anamanga bwino. Njerwa zinauzungulira mtsuko mpaka m'khosi, n'kumata, n'kupaka njereza. A Nguluwe masiku otsatira ankaitana aliyense wodutsa, ngakhale alendo a midzi ina, kuti adzaone chiliza chimene ngakhale anthu alibe.

Mvula inali itayamba kale. Inkagwa m'kamwa mwa mtsuko n'kutsikira pabowo. Nkhata inaola. Chitute sankapitako, kuopa kuti maso ake angamuulule. Ankangoti akamva mvula padenga, n'kusiya chimene akuchita pang'ono.

Patapita miyezi iwiri, m'mawa wina, Likongwe anabwera akuthamanga kudzaitana mudzi wonse. Anapeza a Nguluwe ataima pa chiliza chija, akuyang'ana m'mtsuko. Pansi pake, potulukira pabowo, panali timasamba tiwiri tonenepa, taubweya, toti aliyense amene anakulira pamudzipo sangatisokoneze ndi china.

"Chitute. Bwera kuno. N'chiyani ichi?"

Chitute anakwera pa njerwa n'kusuzumira. Anakhala akuyang'ana kanthawi ndithu, kenako n'kutsika. Mawu ake anatuluka owongoka.

"Ine sindikudziwa, bambo. Inu mukuti n'chiyani?"

"Msuku uwu."

"Ngati ndi msuku, ndiye kuti pali amene anaika njere. Paja munati amene dzanja lake liike njere pamanda atani?"

"Asamuke. Ukamange katundu."

"Ndimanga. Koma tiyambe taona dzanjalo. A Likongwe, tsiku lija ine ndinagwirapo mtumbira?"

Likongwe anakanda kukhosi. "Ayi. Munaima apo."

"Pansi pa mtsukopo pali chiyani china kupatula dothi?"

"Nkhata," anatero mkazi wa a Nungu.

"Ine ndinapereka nkhata?"

"Munakana," anatero Likongwe. "Munaliranso."

"Nanga anaiyala ndani? Anaboola ndani pomwe zatulukirapo? Anakulitsa bowo ndani?"

Onse anangotembenuka pang'onopang'ono kuyang'ana a Nguluwe.

"Kaya wamng'ono kaya wamkulu," anatero wina kumbuyo, motsitsa mawu.

"Munali njere m'nkhatamo," anatero a Nguluwe. "Unaibisa ndiwe."

"Lamulo lanu silinanene za wobisa, bambo. Linanena za dzanja loika. Mayi anga nkhata imeneyo ayenda nayo pansi pa msuku zaka zonse. Zimene zinagweramo akudziwa ndi iwo. Afunseni, ali pomwepa."

A Nguluwe anayesa kulowetsa mphuno m'mtsuko kuti azule. Mphuno sinakwane. Anayesa dzanja, linathera m'khosi mwa mtsuko. Anamuyang'ana Likongwe wa zala zolowa paliponse.

"Ine ndine wa pa njira yolowera," anatero Likongwe, manja atawabisa kumbuyo. "Mtsuko woboola ndi wa wakufa. Ine m'menemo sindipisamo."

Chotsala chinali kuphwanya chiliza, chija anaitanira alendo kudzaona, pamaso pa mudzi wonse, n'kukhalabe atavomera kuti chimene chili m'katimo ndi mtengo. A Nguluwe anaima nthawi yaitali. Anali ndi ana asanu ndi awiri, mkazi wodwaladwala, ndi uvuni wosanyamulika. Anasuzumiranso m'mtsuko, n'kutsokomola.

"Ndayang'ana bwino tsopano," anatero. "Ndi udzu uwu."

"Udzu, bambo?"

"Udzu. Umamera paliponse nthawi ya mvula. Mwandiitanira mudzi wonse chifukwa cha udzu, a Likongwe? Balalikani, kuli ntchito."

"Ndiye poti ndi udzu," anatero Chitute, "lamulo lozula udzu lilipo?"

"Palibe amene ali ndi nthawi yozula udzu."

Anabalalika. Chitute anatsala yekha. Anakhala pansi, msana n'kutsamira njerwa, n'kuwauza mayi ake zonse kuyambira tsiku la tsaya, osasiyapo ndi za kambuzi zomwe.

Chaka chimenecho udzu uja unatulukira kukamwa kwa mtsuko. Chaka chachitatu unamupitirira Likongwe. A Nguluwe akamadutsa ankayang'ana kwina, ndipo mlendo akafunsa ankati, "Udzu wa kuno umakula choncho." Mtsuko unasweka wokha, njerwa zinayamba kutsegula misoko, n'kumagwa imodziimodzi. Ana ankazitola kukachita mafuwa a masanje.

Amayi a pamudzipo sanafunse Chitute kanthu. Koma kuyambira pamenepo aliyense woferedwa ankapempha chiliza cha mtsuko, ndipo pofika pokhazika, adzukulu ankatambasula dzanja kulandira nkhata maso ali kumwamba, ngati akuona nyengo. Uvuni unapitirira zaka zingapo, kenako unazima wokha, poti nkhuni zonenepa zinali zitatha. Mitengo yakale ija sinabwerere. Mtowo wa agogo oumira a kwa Nungu, msau wa amalume a kwa Gwape, yonse inathera m'moto, ndipo lero amene angaloze pomwe inali palibe. Yomwe inamera ndi ina, ya akufa ena.

Msuku suchita changu. Pomwe unayamba kubereka, ana a Chitute anali ndi ana awo, ndipo iye mwini mano anali atatsala awiri. Ankapita m'mawa uliwonse kukakhala pansi pake, osagwedeza, osagenda, akungodikira. Tsiku lina anapeza wina atamutsogolera: a Nguluwe, atakalamba, ukulu wa adzukulu atausiyira ena, atakhala pa njerwa yomaliza, akupuma movutikira.

"Mwadzuka bwanji, bambo?"

"Ndadzuka. Ndimangodutsa. Dzuwa lachuluka m'njiramu."

"Pumani. Mthunzi ngwaulere."

Chitute anakhala pansi pambali pawo. Ndiye pamwamba panamveka kuthothoka, suku n'kugwa pakati pawo, n'kung'ambika pang'ono, fungo lake n'kutuluka. Chitute analitola. Analigwira ndi manja awiri monga amalandirira chinthu kwa wamkulu, n'kulinunkhiza nthawi yaitali, maso atatseka.

"Zikomo, mayi," anatero.

Kenako analing'amba pakati, n'kutambasula dzanja.

"Landirani, bambo. Udzu wanu wabereka."

Nthano yanga yathera pamenepa. Amene anaika mbatata pamoto akaphule yekha, ine manja anga ali ndi mwana.